Azakhali, za echo ija musade nkhawa

Azakhali, mwaswera bwanji? Uthenga wanu uja ndaumvetsera. Mukuti anakupimani ECG n'kukuuzani kuti ili bwino, ndiye bwanji akukutumizaninso kukajambulitsa echo, sikani ya mtima ija, kaya pali chimene akukubisirani. Ayi ndithu, mtima m'malo. Ziwirizi siziona chinthu chimodzi.

ECG ija, timawaya 10 tija anakumatani pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo, ntchito yake n'kutola magetsi amene mtima umapanga wokha pogunda. Sitilowetsa magetsi m'thupi ayi. Pepala lija limaonetsa ngati mtima ukugunda mwadongosolo kapena ukudumphadumpha. Koma limatola masekondi 10 okha, eti. Vuto likakhala lobwera mwa apo ndi apo, pepala limatha kutuluka labwinobwino. N'chifukwa chake ena amavekedwa Holter, kamakina kogona nako maola 24 kapena 48.

Tsono echo ndi ina. Ndi sikani yofanana ndi ija ya amayi oyembekezera, kungoti amaloza pamtima. Mugona chammbali, kumanzere, akupakani jeli wozizira pachifuwa, n'kumayendetsa kachipangizo pamenepo. Palibe jakisoni, palibe X-ray. Apa dokotala amauona mtimawo ukugwira ntchito: mavavu ngati akutsekeka bwino kapena magazi akubwerera m'mbuyo, minofu ngati yakhuthala, poti BP ikakhalitsa imaukhuthalitsa mtima, komanso mphamvu imene ukupopera.

Pamenepa ndikuchenjezeretu, chifukwa inu ndimakudziwani. Pa lipoti padzalembedwa EF, kutanthauza gawo la magazi amene mtima umatulutsa pakugunda kumodzi, mwina 60%. Musadzayambe kulira kuti 40 yafa! Mtima wabwino sukhuthula magazi onse pakugunda kumodzi. Kuyambira 55 mpaka 70 ndi mtima wathanzi. Ikafika 40 kutsika m'munsi, pamenepo ndiye pamakhala nkhani, koma nayonso ili ndi mankhwala ake.

Ine ndikuona kuti dokotalayo wachita bwino. Inu muli ndi shuga, ndipo mwanena nokha kuti mukakwera kamtunda mukubanika, madzulo mapazi akutupa. Shuga akakhalitsa amaononga mitsempha yomvera ululu, moti munthu amatha kudwala mtima koma pachifuwa osamva kupweteka kulikonse. Zoterezi sadikira kuti zipweteke kaye.

Eya, china. Mukapita mufunsenso HbA1c. Kamakina kanu kobaya chala kaja kamangonena za nthawi imeneyo basi, pomwe HbA1c imaonetsa mmene shuga wayendera miyezi iwiri kapena itatu yapitayi. Ambiri amauzidwa kuti ikhale pansi pa 7%, koma yanuyo akakuuzeni adokotala.

Mankhwala onse mumamwa mukanyamule, ndi pepala la ECG lija. Koma mukayamba kubanika muli chikhalire, kapena usiku mukulephera kugona chagada, musadikire tsiku la echo, pitani nthawi yomweyo. Lipoti likatuluka mulijambule, munditumizire pa WhatsApp tilionere limodzi.