Mwagula WRX musanazolowere klatchi, ndiye mukufuna kuwonjezera mphamvu?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena a ku Lilongwe amene aitanitsa Subaru Impreza WRX ya 2004 kuchokera ku Japan, kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe. Akuti akhala akuyendetsa galimoto za otomatiki zokhazokha, choncho iyi ya manyuwo ikumawazimira pa roboti, ndipo akufunsa momwe angaphunzirire msanga, komanso chimene ayambe kugula pakati pa ekisozi yaikulu, blow-off valve (valavu yotayira kunja mpweya wotsala wa turbo, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini) ndi kusinthitsa kompyuta ya injini kuti mphamvu ichuluke.

Achimwene, funso lanu lachiwirilo landivutitsa maganizo, chifukwa galimoto imene ikukukanikani kunyamula pa roboti ili kale ndi horsepower pafupifupi 250, ndipo inu mukufuna kuiwonjezera ina.

Ine ndinaphunzira kuyendetsa pa Hilux yakale ya malume anga ku Zomba, yopanda turbo, chiwongolero chake cholimba chofuna manja onse awiri. Malumewo sanali munthu wolankhulalankhula. Poyamba ananditengera pabwalo la mpira, nandiletsa kugunda moto ngakhale pang'ono, kuti ndizinyamula galimoto ndi phazi lakumanzere lokha, kutulutsa klatchi pang'onopang'ono mpaka kumva pamene injini yasintha kalilidwe ndipo galimoto yayamba kunjenjemera ikufuna kusuntha. Iwo ankati munthu amene sanapeze malo amenewo ndi phazi lake sanayambe kuyendetsa, ngakhale atakhala ndi laisensi m'thumba. Atakhutira, anandipititsa pa msewu wokwera phiri wopita ku Ku Chawe, pamene anyamata amagulitsa ma strawberry m'mbali mwa msewu. Ankandiimitsa pachitunda, n'kutsika, n'kuika bokosi la machesi kumbuyo kwa tayala, kenaka n'kuima chapatali atapinda manja. Lamulo linali lakuti ndikoke handibuleki, ndipeze pogwirira klatchi, ndiponde moto pang'ono, ndipo handibulekiyo nditsitse pokhapokha kutsogolo kwa galimoto kukadzuka. Akamaliza ankatola bokosi lawo, n'kuliyang'ana mbali zonse, n'kuyatsira fodya wawo osanena kanthu.

Chimene malume ankadana nacho kwambiri ndi dalaivala woimitsa galimoto pachitunda ndi klatchi m'malo mwa buleki, ndipo ankanena zoona. Klatchi ndi mbale imene imapanikizidwa pa flywheel, gudumu lachitsulo lozungulira ndi injini, ndipo nthawi yonse imene yagwira mwatheka imakhala ikukhuzika ndi kutentha, mpaka mumamva fungo lonyeka likulowa m'galimoto. Kusiya phazi litatsamira pa pedulo mukuyenda nakonso kumadya bearing yake mosaoneka.

Pa WRX nkhaniyi imakula, chifukwa galimoto imeneyi imakoka ndi matayala onse anayi. Galimoto yokoka ndi matayala awiri mukaikwezera moto n'kutaya klatchi mwadzidzidzi, matayala amaterereka, utsi n'kutuluka, mphamvu n'kuthera pomwepo. Pa Subaru matayala saterereka msanga, motero nkhonya yonseyo imakathera pa klatchi ndi m'giyabokosi, ndipo giyabokosi ya magiya asanu ya WRX ndi yodziwika kuti mano ake amathyoka ikamachitidwa nkhanza zotere. Ya magiya asanu ndi limodzi imene ili mu STI, mtundu wa Impreza wamphamvu kuposa wanuwu, ndi yolimba kwambiri, koma inu si imene muli nayo. Palinso ngozi ina imene oyamba saidziwa: ngati mukuthamanga n'kuphonya giya, kulowetsa yachiwiri pamene mumafuna yachinayi, matayala ndi amene amazungulitsa injini mopyola malire, ndipo palibe kompyuta imene ingaipulumutse.

Ndikudziwa chimene chimakoka anthu ku galimoto zimenezi. Ndi kulira kwa injini ya boxer ija, ya mapisitoni ogona chammbali, ndiponso mbiri ya mpikisano wa rally, pamene Colin McRae anatenga ukatswiri wa dziko lonse mu 1995 ali mu Impreza, n'kudzapambananso Safari Rally ku Kenya mu 1997, kenaka Richard Burns mu 2001 ndi Petter Solberg mu 2003 n'kutenganso ukatswiriwo pa Subaru. Koma taonani bwino zithunzi za galimoto ya ku Kenya ija: inakwezedwa m'mwamba, ili ndi zitsulo zoteteza kunsi kwa injini, chifukwa amene anaikonza ankadziwa misewu imene ikayendemo. Ife kuno timachita zosemphana, timatsitsa galimoto mpaka kumakwera hampu iliyonse chopingasa, minibasi zikuimba hutala kumbuyo, kenaka dzenje limodzi la pa M1 n'kupinda rimu. Ine ndimati kutsitsa galimoto pa misewu yathu ndi kutaya ndalama, ndipo palibe amene angandisinthe maganizo pa zimenezi.

Za blow-off valve ndinene mosabisa kuti imeneyo ndi phokoso chabe. Injini yanu imayeza mpweya wolowa ndi kachipangizo kotchedwa MAF, n'kuthira petulo wolingana ndi mpweyawo. Valavu yotayira mpweya kunja imataya mpweya umene wawerengedwa kale, choncho petulo amachuluka nthawi iliyonse mukasintha giya, ndipo galimoto imatha kuzima pa roboti pomwe mukudandaulapo paja.

Nkhani yaikulu kuposa zonsezi ndi petulo. Galimoto za turbo ngati WRX zogulitsidwa ku Japan zinakonzedwera petulo wa octane pafupifupi 100 (octane ndi muyeso wa mmene petulo amapirira kupanikizidwa osaphulika), ndipo wathu kuno, ngakhale wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inatsegulidwa, safika pamenepo. Petulo wa octane yochepa amaphulika nthawi isanakwane turbo ikakankha mpweya wambiri, makamaka kukatentha ngati mwezi wa Okutobala ku Salima, ndipo kuphulika kumeneko ndi kumene kumang'amba mapisitoni a injini za EJ20 ngati yanuyi. Kukweza boost, kapena kuti mphamvu imene turbo imakankhira mpweya, pa petulo wotere kuli ngati kusonkhezera moto pansi pa mphika wong'aluka. Ngati kompyuta isinthidwe, isinthidwe kuti igwirizane ndi petulo wathu, ndipo achite zimenezo ndi munthu amene ali ndi zida zoonera mmene injini ikuyakira.

Nanga ndalama ziyambire pati?

Yambani ndi timing belt, lamba woyendetsa mavalavu a injini, pamodzi ndi water pump, ngati mulibe umboni woti zinasinthidwa, chifukwa lamba ameneyu amafuna kusinthidwa pa makilomita 100,000 ndipo akaduka mavalavu amagundana ndi mapisitoni. Thirani oyilo wabwino wa synthetic ndipo muzisintha pa makilomita 5,000 alionse. Kenaka gulani matayala anayi a mtundu umodzi ndi msinkhu umodzi, popeza matayala osiyana amawononga diff ya pakati imene imagawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo, musinthenso ma brake pad ndi brake fluid wa DOT 4. Zophunzira, pezani bwalo lopanda anthu Lamlungu m'mawa, muyeserere kunyamuka osaponda moto, kenaka mupite pachitunda ndi munthu wodziwa, ndipo musapyole ma rev 3,000 kufikira manja ndi mapazi atazolowerana. Sungani padera ndalama ya klatchi yatsopano, chifukwa simukudziwa momwe mwini wake woyamba ankaiyendetsera ku Japan.