Chigamulo cha ngongole yakale chisanakutsekereni khomo la nyumba

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi ndipo ndimakhala ku Kalongwezi kuno ku Chipata. Mu 2019 ndinakongola K15,000 ku kampani ina yobwereketsa ndalama, koma amayi anga atadwala ndinalephera kubweza. Kampaniyo inandisumira ku khoti la majisitireti, ndipo khotilo linagamula kuti ndilipire. Kuchokera nthawi imeneyo sanandivutitsenso. Tsopano ndapeza nyumba m'dera la Moth, konkuno ku Chipata, imene ndikufuna kugula ndi ngongole ya ku banki. Kodi ndingokapereka pempho langa osatchula nkhaniyi, poti inazizira kale?
Mayi wa ku Chipata

YANKHO: Mayi, pempholo liyambe ladikira. Kukhala chete kwa amene munawakongola sikutanthauza kuti ngongoleyo inafa, chifukwa chigamulo cha khoti chimakhalabe ndi mphamvu, chiwongoladzanja chimapitiriza kukwera pa ndalama imene inagamulidwayo, ndipo tsiku lililonse eni ndalama angathe kupempha khoti kuti litumize mabelifi a ku ofesi ya Sheriff kudzatenga katundu wanu. Kubisa sikungathandizenso. Mabanki asanabwereketse munthu amafunsa mbiri yake ya ngongole ku mabungwe osunga mbiri zimenezi, monga TransUnion, omwe amagwira ntchito motsatira lamulo la Credit Reporting Act la 2018 moyang'aniridwa ndi Bank of Zambia. Wogwira ntchito ku banki akaona yekha pa kompyuta ngongole imene inu simunaitchule, sadzakukhulupiriraninso ngakhale pa zoona zimene mwanena.

Yambani ndi ku khoti komwe mlandu unazengedwa. Pitani kwa kalaliki ndi nambala ya mlanduwo, mupemphe kope la chigamulo, kuti mudziwe ndalama yeniyeni imene inalembedwa, chiwongoladzanja chake ndiponso ndalama zoyendetsera mlandu. Mukatero lemberani kalata kampaniyo yopempha kuti akuwerengereni zonse zimene zatsala, kuchotsapo chilichonse chimene munalipirako kale.

Pokambirana m'pamene pafunika mtima wodekha. Amene wadikira ndalama yake zaka zingapo nthawi zina amavomera kudulako chiwongoladzanja ngati mukumupatsa yonse kamodzi, ndipo ngati simungathe, mungapemphe kulipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Koma chimene mwagwirizana chisathere pakamwa kapena pa foni. Chilembedwe, mbali zonse ziwiri zisaine, ndipo ngati n'kotheka chikaperekedwe ku khoti kuti chikhale m'failo ya mlanduwo. Ngati mulibe ndalama yolipira loya, a Legal Aid Board, bungwe la boma lothandiza anthu pa nkhani za malamulo, angakuunikireni. Lipirani kudzera ku banki, ku akaunti ya kampaniyo, osati kupereka m'manja mwa munthu wobwera pakhomo ndi kabuku ka malisiti. Ndipo chonde musathamangire kwa a kaloba kuti mutseke dzenje limeneli, chifukwa ngongole yawo imabereka msanga kuposa malipiro a mphunzitsi.

Anthu ambiri amaimira pomwe amaliza kulipira, n'kuiwala pepala limene banki idzafune kuona. Pemphani kalata yosonyeza kuti chigamulo chakwaniritsidwa ndipo simulinso ndi ngongole, kope lake mukasiye ku khoti, ndiponso muwapemphe a kampaniyo kuti adziwitse bungwe losunga mbiri lija. Pakapita milungu ingapo, itanitsani lipoti lanu kuti muone ndi maso anu ngati zasinthadi. Ngati likuonetsabe kuti muli ndi ngongole, muli ndi ufulu wodandaula mwa kalata kuti akonze. Mbiri yoti munachedwa kulipira mwina idzaonekabe kwa nthawi, koma ngongole yolipidwa ndi yosalipidwa siziwerengedwa mofanana.

Pamene mukuchita zimenezi, funsaninso mwini nyumba ya ku Moth ngati ali ndi tayitolo, chifukwa nyumbayo ndiyo idzakhale chikole. Kenako pitani ku Zambia National Building Society, bungwe lobwereketsa ndalama zogulira nyumba, kapena ku banki yanu mutanyamula mapesilipi, kalata ija yosonyeza kuti simulinso ndi ngongole ndi malisiti onse, ndipo nkhani ya 2019 muiyambe ndinu asanakufunseni.