Kodi mindandanda ya mizinda yabwino ingakuuzeni za Mzuzu?

Mayi wina wogwira ntchito ku Blantyre watilembera pa imelo. Kuntchito kwawo awauza kuti asamukire ku Mzuzu, ali ndi ana awiri a ku pulayimale, ndipo akhala akuwerenga pa intaneti mindandanda ya mizinda yabwino kukhalamo. Akufunsa ngati mindandandayi ili yodalirika, komanso chimene chimachititsa kuti mzinda ukhale wokoma kukhalamo.

Mayi, mwafunsa bwino. Mndandanda wotchuka kwambiri umatulutsidwa chaka ndi chaka ndi bungwe la Economist Intelligence Unit la ku London. Iwo amayeza mizinda 173 ndi kugawa malikisi 100 motere: bata ndi chitetezo 25, chikhalidwe ndi nyengo 25, zaumoyo 20, misewu, nyumba, madzi ndi magetsi 20, maphunziro 10. Vienna ya ku Austria idatsogola mu 2022, 2023 ndi 2024, ndipo mu 2025 idalandidwa malo ndi Copenhagen ya ku Denmark. Kumchira kwenikweni kumakhala Damascus ya ku Syria, pomwe Lagos ndi Harare zimapezeka m'gulu la mizinda khumi yomaliza. Mzuzu mulibe m'menemo, chifukwa saiyeza n'komwe.

Kafukufukuyu si wabodza, koma dziwani amene adamupangira. Mndandandawu, pamodzi ndi wa kampani ya Mercer, umathandiza makampani akuluakulu kudziwa ndalama yapamwamba yoti ampatse wantchito amene akumutumiza kudziko lachilendo. Munthu wotere nyumba amamulipirira, galimoto ali nayo, akadwala amapita kuchipatala cholipira. N'chifukwa chake kukwera mtengo kwa zinthu sikulowa m'malikisi a Economist aja. Za mitengozo amaziwerengera pa kafukufuku wina wapadera. Mzinda ukhoza kukhala pamwamba zedi pamene mphunzitsi wa kumeneko lendi ikumutsamwitsa. Palinso tsamba la Numbeo, limene manambala ake ambiri amachokera kwa aliyense wofuna kuyankha mafunso pa intaneti. Kwa mzinda waung'ono, anthu owerengeka chabe akhoza kuukweza kapena kuutsitsa.

Chimene chimatidetsa nkhawa koposa n'choti mzinda wonse amaupatsa nambala imodzi. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 221,272 mu Mzuzu, ndipo moyo wawo ndi wosiyana kutalitali. Wa ku Chimaliro ndi wa ku Salisbury Line onse amalembedwa kuti ndi a ku Mzuzu, koma mvula ya Epulo siwapeza chimodzimodzi. Choncho yezani dera ndi nyumba imene mukalowemo, ndipo yambani ndi mvulayo.

Mzuzu ili pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo mvula imapitirira mpaka Epulo, pamene ku Blantyre yayamba kale kukata. Madera ena monga Chibavi ndi Salisbury Line ali ndi mbali zimene zili m'dambo, pomwe ku Masasa nyumba zambiri zidamangidwa pamtsetse. Mu Epulo 2016 mvula yamphamvu idagwetsa nyumba zambiri mumzindawu ndipo anthu adataya miyoyo. Ngati n'kotheka, kaoneni nyumbayo mvula itangogwa kumene. Ngati mukupita m'chilimwe, khoma lidzakuuzani: yang'anani mzere wa matope pakhoma lakunja, utoto wofufuma ndi wosendeka m'munsi, ndi chuku m'makona a chipinda chogona. Palani pang'ono ndi kiyi pakati pa njerwa. Ngati pakugwa dothi, ndiye kuti adamangira matope osati simenti, ndipo khoma lotere likamwa madzi masiku angapo limafewa. Zungulirani kuseri muone ngati pali ngalande yopatutsa madzi ochokera kumtunda, komanso ngati adadula phiri n'kusiya chikhoma cha dothi pafupi ndi zenera la ana. Mukachipeza chikhoma chotere chopanda miyala yochirikiza, nyumbayo isiyeni ngakhale itatchipa bwanji.

Madzi a mumzinda amapereka ndi Northern Region Water Board, ndipo ambiri amachokera ku damu la Lunyangwa. Kuona mpopi pakhomo sikokwanira. Kautseguleni cha m'ma 6 koloko m'mawa, nthawi imene aliyense akutunga, chifukwa nyumba za pamtunda ndizo zimayamba kusowa madzi mphamvu ikachepa m'mapaipi. Funsani kuti mita ndi ya mabanja angati, amalipira motani, ndipo ngati pali ngongole yakale. Za mita ya ESCOM funsaninso chimodzimodzi, poti mkangano wa mayunitsi wasamutsa alendi ambiri. Pakakhala chitsime, chitalikirane ndi chimbudzi chokumba mamita 30 kapena kuposa, ndipo chimbudzicho chikhale kumunsi.

Tsopano tengani cholembera. Ndalama ya ulendo umodzi wopita kuntchito muichulukitse kawiri, kenako ndi masiku 22, muphatikizepo ya ana ngati sukulu ili kutali, ndipo zonsezo muziwonjezere pa lendi. Kawirikawiri nyumba yotchipa ya kutali imapezeka yodula kuposa ya pafupi ndi tauni. Yendani pansi kuchokera pakhomo kukafika pamsewu wa tala mukuyang'ana nthawi, ndipo afunseni a kabaza ngati amafika kumeneko kukakhala matope, ndiponso amalipiritsa zingati usiku.

Za chipatala, funso lothandiza ndi ili: mwana akatentha thupi pakati pa usiku, mukafika bwanji? Mzuzu Central Hospital ili ku Luwinga, kufupi ndi yunivesite ya Mzuzu (Mzuni), koma ndi chipatala cholandira otumizidwa. Matenda wamba amayambira kuzipatala zazing'ono monga cha Mapale. St John's ndi cha mishoni, cholipira. Kusukulu pitani nokha nthawi ya maphunziro, muwerenge ana m'kalasi imene mwana wanu akalowe, muonenso zimbudzi. Chitumbuka chisakuopseni. Mutauni Chichewa chimamveka bwino, ndipo ana sachedwa kutola chilankhulo pamasewera.

Juni ndi Julayi kuno kumazizira kwambiri, zovala zimachedwa kuuma, ndiye nyumba yokhala ndi siling'i ndi mazenera otsekeka bwino ndi yoyenera kuilipirira koposerako. Za umbava musafunse wokupezerani nyumba, poti iye akufuna yake ilowe. Funsani amayi ogulitsa masamba pamphambano kapena mwini golosale wapafupi kuti nyumba yomaliza kuthyoledwa m'deralo idathyoledwa liti.

Eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi. Musatumize ndalamayo pa foni muli ku Blantyre. Fikani kaye, mukhale kwa mnzanu wa kuntchito kapena kumalo ogona alendo sabata imodzi kapena ziwiri, muone nyumba zingapo, ndipo mukagwirizana mulemberane pepala losonyeza mtengo, tsiku lolipira, wokonza zowonongeka, ndi manambala amene ali pamita ya madzi tsiku lolowa.