Khrabry uja anandilizapo ine

Achimwene, mwafunsa kumene liwu la Chirasha loti khrabry (wolimba mtima) linachokera, mwanditosa pachilonda. Chaka changa choyamba ku Russia, m'kalasi ya chiyankhulo, tinauzidwa kulemba za munthu wolimba mtima. Ine ndinalemba za agogo anga aamuna, n'kuika khorobry, momwe ankanenera mnzanga wa ku Ukraine amene tinkagona chipinda chimodzi. Mayi wophunzitsayo anaimirira ndi pepala langa kutsogolo, kuwerenga mokoka dala, "khoro-o-o-bry", kalasi yonse gwa ndi phwete. Kenako akuti kodi Chirasha ndikuphunzirira pamsika? Kunja chisanu choopsa, ine thukuta kamukamu. Anandipatsa 2, kumeneko ndiye kulephera. Mayi uja mpaka lero ndikamukumbukira mtima umawira, chifukwa ankadziwa bwino zimene ankachita.

Chondipweteka kwambiri ndinachipeza patapita miyezi. Mawu awiriwo ndi a bere limodzi, onse akuchokera ku liwu lakale la Asilavo (mtundu wa Arasha ndi anthu a ku Ukraine, Poland ndi Serbia), khorbr. Asilavo akum'mawa anaika o mbali zonse za r, n'kukhala khorobry, ndipo makolo a Arasha omwewo ankanena chomwecho. Akumwera anatembenuza kukhala khrabr, ndipo liwulo linalowa m'Chirasha kudzera m'chiyankhulo cha tchalitchi. N'chimodzimodzi gorod ndi grad, onse kutanthauza mzinda. Ndiye wobwera ndi khrabry, osati wanga uja! Ku Serbia amati hrabar, ku Poland chrobry, n'chifukwa chake mfumu yawo yoyamba, imene inavekedwa ufumu mu 1025, imatchedwa Bolesław Chrobry.

Alipo mawu enanso a Chirasha onena za kulimba mtima. Otvaga anadutsira ku Poland, kumene amati odwaga, koma muzu wake ndi wa Chijeremani, wokhudza sikelo ndi kuyeza kulemera. Muzhestvo akuchokera ku muzh, mwamuna, ndendende ife tikamati wachita chamuna. Limeneli ndinalikonda tsiku lomwe ndinalimva.

Inuyo pa mayeso lembani khrabry basi, musayerekeze kulimbana ndi aphunzitsi, sukulu ya kunja mwapitira pepala osati milandu. Komanso musamatole mawu kwa anzanu a m'chipinda. Koma wina akakusekani pagulu ngati ine, musakhale duu ngati nkhuku yonyowa, mufunseni pomwepo kuti gorod ndi grad mbadwa ndi iti. Mnzanga uja ndiye anandiphunzitsa Chirasha chambiri kuposa mayiyo.