Mwafunsa, Tikuyankheni: Kodi Durrell anali bwenzi la Agiriki kapena munthu wa boma?

FUNSO

Zikomo Bambo. Ndine mphunzitsi wa Chingerezi pasukulu ina ya sekondale kuno ku Ngabu. M'sutikesi ya malemu bambo anga ndapezamo buku lakale lotchedwa Bitter Lemons, lolembedwa ndi Lawrence Durrell. Chiswe chidadya chikuto, koma masamba onse alipo. Ndakhala ndikuliwerenga usiku pakhonde, poti m'nyumba simukugoneka ndi kutenthaku, ndipo ndalikonda kwambiri. Koma mchimwene wanga wa ku yunivesite akuti munthuyu sanali bwenzi la Agiriki ayi, anali wantchito wa atsamunda basi. Zoona ndi ziti? Kodi ndingawawerengereko ana anga a Fomu 4 osawasokeretsa?

Mphunzitsi, Ngabu

YANKHO

Aphunzitsi anzanga, buku limenelo inenso ndidaliwerenga ndili mnyamata, ndikuphunzitsa cha ku Nsanje, ndipo padapita zaka ndisanadzifunse funso limene mchimwene wanuyo wakufunsani. Musamukalipire. Koma nayenso asagamule mlandu atangomva mbali imodzi.

Pali zina zomwe sitingamulande Durrell. Adabadwira ku Jalandhar m'dziko la India mu 1912, ndipo ku England sadakukonde. Mu 1935 iye ndi mkazi wake Nancy adasamukira pachilumba cha Corfu m'dziko la Greece, komwe mayi ake ndi abale ake adakakhalanso. Sadakhale ngati mlendo wa kuhotela. Adachita lendi nyumba yoyera m'mudzi wa asodzi wa Kalami, pagombe penipeni, ndipo adaphunzira Chigiriki cha asodzi ndi alimi. Adapalana ubwenzi ndi alembi a ku Athens, makamaka George Seferis, mlakatuli amene adadzalandira mphoto ya Nobel mu 1963. Durrell adathandiza nawo kumasulira ndakatulo za mnzakeyo m'Chingerezi, zidatuluka mu 1948, anthu akunja asanayambe kumudziwa kwenikweni. Asilikali a Germany atalowa m'dziko la Greece mu 1941, adathawa pangalawa kuchokera ku Kalamata kudzera ku Crete mpaka ku Egypt, ali ndi mkazi ndi khanda. Ali ku Alexandria mtima udatsalira ku Corfu, ndipo mpamene adalemba Prospero's Cell, buku la munthu wopukwa kwawo ngakhale kwawoko sikunali kwawo. Munthu wongodzionetsera sataya zaka zochuluka chotere pa chiyankhulo cha eni.

Tsono nkhani ya mchimwene wanu ili ku Cyprus, komwe kudachokera buku muli naloli.

Chilumba chimenecho chinali m'manja mwa Britain kuyambira 1878. Ambiri mwa anthu ake anali Agiriki, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu anali wa mtundu wa Aturuki. Agirikiwo ankafuna enosis, kutanthauza kuphatikizana ndi Greece. Durrell adafika mu 1953 ali ndi kamwana kakang'ono ndi ndalama zochepa, nagula nyumba m'mudzi wa Bellapais. Mwawerenga nokha za mtengo wa pabwalo la mudziwo, womwe ankati wokhala pansi pake amagwidwa ndi ulesi. Ine ndikamawerenga pamenepo ndimaona mthunzi wa mlambe pamsika wa Bangula masana a Okotobala, abambo ali pabawo, njinga zitatsamira tsinde. Kulemba ankatha, zimenezo tisakane. Kuti apeze chakudya ankaphunzitsa Chingerezi pa Pancyprian Gymnasium mumzinda wa Nicosia, sukulu yomwe ana ake ambiri anali pamoto ndi nkhani ya enosis.

Mu 1954 adasiya choko nakalowa ntchito ya boma: adakhala mkulu wa ofesi yofalitsa nkhani ya boma la atsamunda. Chaka chomwecho nduna ina ya ku London, Henry Hopkinson, idanena m'nyumba ya malamulo mawu osonyeza kuti Cyprus ili m'gulu la maiko omwe sadzapatsidwa ufulu wonse mpang'ono pomwe. Pa 1 Epulo 1955 gulu la Agiriki lomenyera enosis lotchedwa EOKA, lotsogozedwa ndi Georgios Grivas, lidayamba kuphulitsa mabomba. Mu Malichi 1956 boma lidagwira Arkibishopu Makarios, mtsogoleri wa Agiriki a pachilumbapo, n'kukamutaya ku Seychelles, ndipo pa 10 Meyi lidanyonga anyamata awiri a EOKA, Michalis Karaolis ndi Andreas Demetriou. Nthawi yonseyi, amene ntchito yake inali kukometsa nkhope ya bomalo pamaso pa anthu anali Durrell, yemwe uja ankamwa vinyo ndi alimi a ku Bellapais. Adatula pansi udindo n'kuchoka mu 1956, ndipo buku lidatuluka mu 1957.

Apa pali chinthu chimene ine chidandiimitsa mutu nditachizindikira. Bwanamkubwa amene ankalamulira Cyprus pamene Durrell ankalowa ntchitoyo anali Sir Robert Armitage. Dzina limeneli si lachilendo kwa ife. Atamuchotsa ku Cyprus mu 1955, adamutumiza ku Zomba mu 1956, ndipo ndi iye amene adalengeza lamulo la nthawi ya chisokonezo (State of Emergency) pa 3 Malichi 1959, pamene Dr Banda adagwidwa n'kutumizidwa kundende ya Gwelo ndipo anthu oposa 50 adaphedwa. Ndiye mukamawerenga za bwanamkubwa ndi maofesi a ku Nicosia, musaganize kuti ndi nkhani ya kutali. Ndi boma lomwelo, munthu yemweyo, lomwe agogo anu adalimbana nalo.

Ndiloleni ndikuuzeni za kwathu, poti mpamene ndidamumvetsera Durrell. Ndili mwana, m'zaka za m'ma 1950, kuchigwa kuno kunali nkhondo ya malimidwe. Boma lidalamula kuti aliyense azilima mitumbira. Makolo athu ankalima chisawawa, osaunda mizere, ndipo ankati dothi la kuno, ndi dzuwa lathuli, mitumbira imauma msanga. Akuluakulu ankanenanso kuti Mbona wa ku Khulubvi sakondwera nayo. Okana ankalipitsidwa, ena ankamangidwa. M'dera lathu munkabwera mzungu wina wa zaulimi amene ankalankhula Chimang'anja bwino kwambiri, miyambi ndi yomwe. Ankakhala pamphasa, kusamba m'manja, kudya nsima ya mapira ndi mlamba wowamba, osafunsa supuni. Mayi anga ankamusungira masau m'lichero. Tsiku lina adabwera ndi amesinjala kudzaona minda, ndipo bambo anga adapezeka m'gulu la opanda mitumbira. Ndikukumbukira kuti adawapatsa moni mwaulemu, kuwatchula ndi mfunda wawo, kenaka adalemba dzina lawo m'kabuku. Mbuzi yathu yaikazi idapita kuti chindapusa chipezeke. Mayi adakhala chete tsiku lonse, ndipo madzulo adangoti, “Koma ndiye amatikondatu.” Sankanyoza. Ankanena zoona, ndipo n'chifukwa chake zidawapweteka.

Durrell ndimamuika pamenepo. Chikondi chake pa Agiriki sichinali chabodza. Koma werenganinso bukulo muone Agiriki amene amawakonda ndi otani: oseketsa, ochereza alendo, okonda kukangana pamtengo wa nyumba, amtima wa mwana. Akangoyamba kunena za kudzilamulira, mawu ake amasintha. Amaoneka ngati ana abwino amene asokonezedwa ndi ansembe ndi wailesi ya ku Athens. Boma lake amalidzudzula ndithu, koma kwambiri amalidzudzula chifukwa chochedwa ndi chosadziwa kugwira anthu, osati chifukwa chokhala pamalo a eni. Ine pamenepa mpamene ndimasiyana naye, ndipo sindibisa.

Agiriki eni ake sadakhale chete. Ubwenzi wake ndi Seferis udazirala chifukwa cha ntchito ija, poti Seferis ankaikonda Cyprus ndi mtima wonse. Rodis Roufos, kazembe wa Greece amene adagwirako ntchito pachilumbapo, adalemba buku la The Age of Bronze lotuluka mu 1960, lofotokoza zaka zomwezo kuchokera kumbali ya Agiriki. Mu 1964 Costas Montis, mlakatuli wa ku Cyprus komweko, adatulutsa buku lomwe m'Chingerezi limatchedwa Closed Doors, ndipo adalilemba ngati yankho kwa Durrell. Mwaona kusiyana kwake? Buku la mlendo lidapata mphoto ku London ndipo lidafika mpaka m'sutikesi ya ku Ngabu. Mayankho a eni nthaka, ine ndemwe ndidangowamvera mbiri nditakula kale.

Mchimwene wanu mumuuzekonso izi, kuti asamuone Durrell ngati chilombo. Aturuki a pachilumbapo ankaopa enosis, ndipo m'bukumo alimo monga anthu, osati zithunzi chabe. EOKA idaphanso Agiriki anzawo omwe inkawaganizira kuti ndi akapirikoni. Ndipo masamba omaliza, pamene anansi ake ayamba kumuzemba maso, adalembedwa ndi munthu amene akudziwa kuti wataya chinthu chosabwezeka. Ku Cyprus adachoka, nakakhazikika kumwera kwa France, komwe adamwalirira m'tauni ya Sommières mu 1990, koma za zilumba za Greece adalembabe mpaka mu 1978.

Za ana anu a Fomu 4, awerengereni, musaope. Yambani ndi mutu wogula nyumba uja. Aseka, ndipo aphunzira momwe munthu amajambulira mudzi ndi mawu. Kenaka muwalembere pabolodi zaka ziwiri, 1955 ndi 1959, ndi dzina la Armitage pakati, muwafunse kuti wolembayu ankalandira malipiro kwa yani. Muwakumbutsenso kuti chigwa chathu chino nachonso chidalembedwa ndi alendo: Livingstone adadutsa mu Shire mu 1859, natcha dambo lathu Elephant Marsh, mathithi a mumtsinjewo nawapatsa dzina la Murchison, ndipo Nsanje idakhala Port Herald mpaka ufulu. Ikafika holide, aliyense akakhale pansi ndi agogo ake, akafunse za mitumbira, akalembe tsamba limodzi m'Chimang'anja kapena m'Chisena, momwe agogowo anenera. Masamba amenewo mukanditumizireko kudzera kwa akonzi, ndikufuna ndiwawerenge.

Bukulo mulichotse m'sutikesi, mulikulunge m'pepala la pulasitiki, muliike pamwamba madzi a Januwale asanafike.