Mfuti ya mwala ikungoti tche! gologolo n'kuthawa: vuto lili pati?

Mbale wathu wina wokhala ku Indiana, m'dziko la America, watitumizira imelo. Akuti mnzake wa kuntchito wamubwereka mfuti yamakedzana ya flintlock, imene mwala wake umathetha moto pa onga wa pakambale ka m'mbali mwa mpope, ya saizi ya .32 (kukula kwa kamwa la mpope poyeza mu inchi), kuti azipita limodzi kukasaka agologolo. Funso lake ndi ili: "Kodi mfutiyi ndi imodzimodzi ndi gogodera wa agogo athu? Nanga bwanji ndikakhethemula pena imangoti tche osalira, pena onga wa pakambale umayaka koma chipolopolo osatuluka, ndipo ikati ilire imazengereza mpaka ndimaphonya? Kapena ndi mmene zilili mfuti zimenezi?"

Ayi achimwene, si mmene zilili. Flintlock yokonzedwa bwino imalira pompopompo, moti kuthetheka kwa mwala ndi kulira kwa mpope zimamveka ngati phokoso limodzi. Ikamazengereza ndiye kuti china chake mwa zitatu izi sichili bwino: mwala wabuntha, onga wanyowa kapena si weniweni, kapena kabowo kolowera moto katsekeka. Zonsezi zimakonzedwa kunyumba ndi pabwalo lophunzirira, musanalowe m'nkhalango.

Za ubale ndi gogodera, ulipo. Zonse amazithira onga kukamwa n'kugogodera chipolopolo ndi ndodo. Kusiyana kwake n'kwakuti mfuti zimene amalonda a minyanga ndi akapolo anabweretsa kwathu m'zaka za m'ma 1800 zinali zosalala mkati mwa mpope, pomwe yanuyo ili ndi mizere yopota imene imazunguza chipolopolo kuti chiwongoke. Mtundu umenewu anaukonza amisiri ochokera ku Germany amene anakhazikika ku Lancaster, Pennsylvania, m'zaka za m'ma 1700, ndipo m'kupita kwa nthawi anthu a m'mapiri a Kentucky ndi Tennessee anayamba kukonda ya kabowo kakang'ono chifukwa sikudya onga ndi mtovu wambiri. Agogodera osula ndi mapaipi a madzi amene amagwidwa nawo opha nyama mozemba kwathu kuja ndi nkhani ina, amaphulikira mwini wake ndipo ndi mlandu.

Tiyambe ndi tche wopanda moto uja. Mwala umagwiridwa ndi kachitsulo kamene eni ake amakatcha tambala, poti kamajompha. Ukajompha umapala chitsulo choimirira pamwamba pa kambale, chotchedwa frizzen, ndipo mbaliwali zimene mumaonazo si zidutswa za mwala koma tizitsulo totentha topalidwa. Ndiye mwala uyenera kukhala wakuthwa ngati mpeni. Ukulungeni ndi kachikopa, muumange zolimba ndithu, chifukwa mwala wogwedera suthetha moto. Tambala akakhala pa theka, kutanthauza atakokedwa theka la njira yake, mlomo wa mwala utsale pang'ono kukhudza frizzen, mpata wa milimita imodzi kapena ziwiri, ndipo ugone mofanana mbali zonse. Uzimenya cha kumtunda kwa chitsulocho n'kutsetsereka chopala mpaka pansi. Ukamamenya chamutu ngati hamala umaphwanyika msanga, ndiye utembenuzeni chadodolido muone ngati zisintha. Onetsetsaninso kuti ngodya yake ya mkati sikukanda mpope.

Yeserani m'chipinda chamdima, mfuti ili yopanda kanthu. Mukakhethemula muzione mbaliwali zambiri zikugwera pakati pa kambale, zina n'kumathetheka zitagwa kale. Zikakhala ziwiri zitatu zofiira mofooka, pukutani mwala ndi frizzen ndi kansalu konyowetsa ndi spiriti, popeza mafuta, ngakhale a chala chanu, amaterereketsa mwala. Zikapanda kusintha, nolani mlomo wa mwala pougogoda pang'onopang'ono ndi kachitsulo ka mkuwa kuti ubenthuke timapande. Musanole mfuti ili ndi onga. Mwala wakuda wa ku England, wochokera cha ku Brandon ku Suffolk, kapena wachikasu wa ku France, umatha kuwomba kokwana 30 kapena kuposerapo ukaikidwa bwino. Mukaona kuti mwala watsopano ukukumba maenje pa frizzen m'malo mopala, chitsulocho n'chofewa, ndipo ameneyo ndi mmisiri wa mfuti yekha angachiumitse.

Tsopano onga. Funsani mnzanuyo kuti m'nyanga mwakemo muli chiyani. Flintlock imafuna onga wakuda weniweni, monga wa Goex, Swiss kapena Schuetzen. Zolowa m'malo mwake zimene zadzaza m'masitolo, monga Pyrodex ndi Triple Seven, zimafuna moto waukali kuti ziyake, ndipo mbaliwali za mwala sizikwanitsa. Anthu ambiri amene amati flintlock ndi yaulesi, vuto lawo limakhala limeneli. Koma onga wa zipolopolo zamakono, wopanda utsi uja, usayandikire n'komwe. Umang'amba mpope ndi dzanja lomwe.

Mu mpope wa .32 mumalowa onga wa FFFg (ma F akamachuluka, timbewu ta onga timachepa kukula). Wa pakambale ambiri amakonda FFFFg, wosalala ngati ufa, koma kunja kukakhala chinyezi umenewu umayamwa madzi msanga n'kusanduka phala lakuda, choncho FFFg yemweyo amachita bwino posaka. Ndipo apa ndi pamene pagona kuzengereza kwanu kuja, tikuganiza choncho. Munthu watsopano amadzaza kambale thoo, poganiza kuti onga wambiri ndi moto wambiri. Onga ukakwirira kabowo, moto umayenda choyaka pang'onopang'ono ngati chingwe cha bomba, n'chifukwa chake mumamva fuuu kenako phuu. Chimene chimayatsa onga wa mumpope ndi kutentha kwa lawi lodutsa pakabowo kotseguka. Thirani magireni awiri kapena atatu basi (magireni 15 ndi pafupifupi galamu imodzi), osafika theka la kambale, mzere wake ukhale m'munsi mwa kabowo.

Kabowoko kamakhala pafupifupi 1/16 ya inchi, kapena kuti milimita 1.6. Mukatha kugogodera, musanathire pakambale, lowetsanimo kawaya ka mkuwa mpaka mumve onga ukukukutika kunsonga. Kambale kakayaka koma mpope osalira, musatsitse mfuti kapena kusuzumira. Ilozeni komweko kwa mphindi yathunthu, chifukwa moto umatha kubisala mkati n'kudzuka mochedwa. Kenako tokosani kabowo, pukutani kambale, thiraninso. Ndipo m'mawa musanathire onga woyamba, pukutani mkati mwa mpope ndi tinsalu touma mpaka mafuta a dzulo atheretu. Mafuta otsalira amatsikira pansi pomwe pali kabowo, n'kunyowetsa onga. Anthu ozolowera amaimika mfuti chozondotsa m'nyumba pa chifukwa chomwechi.

Kathiridwe kake kakhale kofanana nthawi zonse. Frizzen yotsegula, tambala ali pansi. Onga uchoke m'nyanga kupita m'kamuyezo, tsekani nyanga, kenako muthire mumpope nkhope yanu ili kumbali. Musathire molunjika kuchokera m'nyanga, popeza khala likatsalira mkatimo nyanga yonse imaphulikira m'manja. Ikani kansalu ka thonje kodzola mafuta pakamwa pa mpope, kochindikala .010 mpaka .015 ya inchi, pamwamba pake chipolopolo cha mtovu wofewa cha .310, cholemera magireni 45, omwe ndi magalamu atatu osakwana. Chilowetseni ndi kamtengo kafupi koyambira, kenako ndodo. Ndodo ya .32 ndi yowonda ngati pensulo, ndiye igwireni pafupi ndi kamwa la mpope, chikhatho chimodzi pamwamba, muzikankha pang'onopang'ono. Mukaigwira kumtunda imapinda n'kuthyoka, ndipo chothyokacho chimalowa m'chikhatho. Chipolopolo chikakhale pa onga penipeni. Mpata wa mpweya ukatsala pakati, mpope umatupa kapena kung'ambika. Dulani kachizindikiro pandodo posonyeza pamene imalekezera mfuti ikakhala yopanda kanthu, ndi kena ikakhala yothira.

Tsiku lina mudzagogodera chipolopolo mutaiwala onga, aliyense zimamuchitikira. Pamafunika kasikulu komangira kunsonga kwa ndodo yachitsulo kuti muchikoke, kapena kulowetsa timbewu ta onga tochepa kudzera pakabowo, kukankhira chipolopolo pansi n'kuwombera m'dothi.

Nanga kuphonya? Mbali ina ndi maso. Moto ukabuka pafupi ndi nkhope, munthu amatsinzina n'kutsitsa mpope chipolopolo chisanatuluke. Mankhwala ake n'kuika kamtengo m'malo mwa mwala n'kumakhethemula kunyumba, mfuti yopanda kanthu, maso ali pa kachitsulo kochalira ka kutsogolo mpaka mutawerenga kawiri tambala atagwa. Valani magalasi oteteza maso, mantha amachepa. Mbali ina ndi muyezo wa onga, umene mfuti iliyonse ili ndi wake. Khalani pa tebulo, chandamale chili mayadi 25, omwe ndi mamita 23. Wombani kasanu ndi magireni 20, kasanu ndi 25, kasanu ndi 30, osasintha china chilichonse. Sankhani muyezo umene waunjika zipolopolo pamodzi. Cholinga n'chakuti zisanu zonse zikwane pa chitsekerero cha botolo la Fanta, popeza malo akupha pamutu pa gologolo ndi omwewo kukula kwake. Mukatero tolani tinsalu tanu, timagwa mamita ochepa kutsogoloko. Kansalu kabwino kamakhala kathunthu, kakuda pakati, konyenyeka m'mphepete mokha, moti mutha kukagwiritsanso ntchito. Kakabooka kapena kupsa, ndiye kuti n'kopyapyala kapena kouma, mpweya wotentha ukudutsa m'mbali ndipo chipolopolo chikupita kumene chafuna. Malovu amakwana podzola pabwalo, koma posaka mfuti imakhala yothira maola awiri atatu, malovu amauma n'kusiya dzimbiri, ndiye gwiritsani mafuta a nkhosa osakaniza ndi phula.

Mpope waung'ono umada msanga. Pofika kuwomba kachitatu mwaye umakhala wagwira moti chipolopolo chimakanirira pakati. Pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono, kamodzi kutsika kamodzi kukwera, kenako kouma. Mukamapopa ngati pampu ya njinga mumakankhira mwaye pakabowo, vuto lija n'kubwerera. Pa ifeyo, munthu woyamba kumene zimamuphwekera ndi .36, ya chipolopolo cha .350 cholemera magireni 65, chifukwa ndodo yake ndi yolimbirapo ndipo mphepo siikankha kwambiri. Koma poti mwabwereka, gwiritsani imene ilipo. Paundi imodzi ya onga ili ndi magireni 7,000, ndiye pa magireni 25 muwomba kokwana 280.

Kunkhalangoko, agologolo a ku Indiana si tating'ono ta m'mitengo ya kwathu. Wotuwa amafika theka la kilogalamu, ndipo wofiirira uja amati fox squirrel amayandikira kilogalamu yathunthu. Nyengo yosaka imatsegulidwa pa 15 Ogasiti mpaka pa 31 Januwale, asanu patsiku, koma muziwerenga kabuku ka malamulo ka chaka chimenecho. Pamafunika laisensi, ndipo wobadwa pambuyo pa 31 Disembala 1986 amayenera kuchita maphunziro a ulenje kaye. Kuyambira mu Novembala chovala cha olenji wowala chimakhala chokakamiza. Ngati muli pa viza yongokhala kwakanthawi, funsani ku ofesi yoona za nyama zakutchire musanagwire mfuti ya mtundu uliwonse.

Mu Ogasiti ndi Seputembala funani mitengo ya hickory, yobala mtedza umene agologolo amadya. Pansi pake pakakhala makoko okukutidwa kumene, oyera mkati, mwapeza malo. Fikani kusanache, khalani motsamira mtengo, mutchere khutu. Gologolo akamadya pamwamba, zinyenyeswa zimagwa pamasamba ngati mvula yowaza. Wotuwa amadzuka mbandakucha, wofiirira amadikira dzuwa likwere. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye pampando umodzi mukhalepo mphindi 20 kapena 30 musanasunthe. Muli ndi chipolopolo chimodzi chokha ndipo kuthiranso kumatenga mphindi, choncho wothamanga m'nthambi musiyeni. Dikirani akhale pansi ndi mtedza m'manja, tsamiritsani mpope pa thunthu la mtengo, chalirani pakati pa diso ndi khutu. Chipolopolo cha pamimba chimawononga ndiwo, komanso kanyamako kamakafera m'phanga. Muziwomba pokhapokha kumbuyo kwake kuli thunthu kapena nthambi yaikulu, chifukwa chophonya chimauluka mamita mazanamazana n'kukagwa kumene simukuona. Powombera chokweza kwambiri chipolopolo chimakonda kudutsa pamwamba, ndiye tsitsani pang'ono. Mukawomba musadzuke msanga. Yang'anani pamene wagwera, thiraninso muli chikhalire, anzake amatulukanso pakapita mphindi khumi.

Mnzanuyo asaime kudzanja limene kuli kabowo, popeza kamalavula moto cham'mbali. Poyenda, tambala akhale pa theka ndipo frizzen ivale kachikopa, chifukwa mfuti imeneyi imatha kulira ngakhale pakambale palibe onga, mbaliwali imodzi ikangolowa pakabowo. M'mawa wa mame, muzitaya onga wa pakambale n'kuthira wina pakatha theka la ola lililonse. Kukagwa mvula matani phula m'mphepete mwa kambale ndipo makina a mwalawo muwabise m'khwapa.

Mukabwerako, itsukeni tsiku lomwelo musanakhale pansi kudya. Mwaye wa onga wakuda uli ndi mchere woyamwa chinyezi, ndipo usiku umodzi umakwana kuyambitsa dzimbiri m'mizere ija. Chotsani makina a mwala, tsekani kabowo ndi kamtengo kotokosera m'mano, thirani madzi ofunda mumpope, khutchumulani n'kukhuthula, kangapo mpaka atuluke oyera. Pukutani ndi tinsalu mpaka kouma gwa, dzolani mafuta pang'ono, ndipo mawa lake mulowetsenso kansalu muone ngati katuluka kofiira. Mukafuna kuona anthu akukonza mwala ndi manja awo, bungwe la National Muzzle Loading Rifle Association, lomwe linayamba mu 1933, lili ku Friendship m'chigawo chanu chomwecho cha Indiana, ndipo limachititsa mipikisano yake ikuluikulu mu Juni ndi mu Seputembala.