Makina oumitsira zovala akayamba kununkha chopserera

Mayi wina wa kwathu amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, kuno ku England, wandilembera kalata. Akuti makina oumitsira zovala a m'nyumba imene akuchita lendi ayamba kutulutsa fungo lopserera, eni nyumba amuuza kuti ndi mmene makinawo amachitira, ndipo akufunsa ngati apitirize kuumitsiramo yunifolomu yake akaweruka usiku.

Achemwali, musapitirize. Funso lanu landikhudza chifukwa ambiri a ife tinakula tikuyanika zovala pa chingwe, ndipo makinawa tinawadziwira kuno popanda wotilongosolera kuti mkati mwake muli elementi imene imatentha kwambiri. Nditangofika kumene ndinkakhala m'nyumba ya anthu ambiri, aliyense ndi shifiti yake, ndipo makina ankazungulira usana ndi usiku popanda woganiza zowayeretsa. Tsiku lina mnzathu amene anagwirapo ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg anamva fungo ngati la nsalu imene simbi yaiwalidwapo, ndipo anazimitsa makinawo nthawi yomweyo. Atasolola sefa ya pakhomo pake, tinapeza ubweya wotuwa wa zovala utaundana moti kuwala sikunkadutsa, ndipo wina umene unagwera kunsi kwa sefayo unali utafiira ndi kutentha. Eni nyumba atauzidwa, anayankha mofanana ndi anuwo, ndipo anthu akuluakulu, ena a ana awo, anangoti zii, poopa kuti akalimbikira awakwezera lendi kapena kuwatulutsa.

Mantha amenewo ndi amene amandipweteka mtima, chifukwa ulemu umene tinaphunzira kwathu anthu ena amauyesa kupusa. Palibe makina abwino amene amanunkha chopserera, kupatula atsopano pamasiku oyambirira, ndipo wonena kuti ndi mmene amachitira sagona m'nyumbamo. Mu Ogasiti 2016 moto unabuka m'nyumba yosanja ya Shepherds Court ku Shepherd's Bush mumzinda wa London, ndipo ozimitsa moto anapeza kuti unayambira m'makina oumitsira zovala a Indesit. Kampani ya Whirlpool, imene inali mwini wake wa Indesit, inali itachenjeza kale mu Novembala 2015 kuti m'makina ena a Hotpoint, Indesit ndi Creda, opangidwa pakati pa Epulo 2004 ndi Seputembala 2015, ubweya ungathe kukhudza elementi n'kuyaka, ndipo mu Julayi 2019 inaitanitsa onse amene anali asanakonzedwe. Popeza m'nyumba za lendi mumakhalitsa katundu wakale, onani nambala ya makina anu, imene kawirikawiri imakhala pa chitseko kapena m'mphepete mwa khomo lake, n'kuifufuza pa intaneti.

Chizolowezi choyatsa makina n'kukagona ndimachikana kotheratu, ngakhale ndikudziwa mmene thupi limatopera pambuyo pa shifiti yaitali. Ndimakananso kuwalumikiza pa ekisitenshoni, pakuti amakoka magetsi ambiri.

Zoti muchite

Zimitsani makinawo, zulani pulagi, ndipo muone ngati pulagiyo kapena soketi yada kapena yasungunuka. Tulutsani zovala muziyale kuti zizizire, makamaka nsalu zimene zinakhudza mafuta, chifukwa zikaunjikidwa zili zotentha zimatha kuyaka zokha. Yeretsani sefa, malo amene imalowamo, ndiponso paipi yotulutsa mpweya ngati ilipo. Fungo la labala limasonyeza lamba amene akutha, pamene la pulasitiki limaloza ku mawaya kapena mota, ndipo zimenezi ndi za katswiri, osati zotsegula nokha. Lemberani eni nyumba uthenga kuti mukhale ndi umboni, ndipo akakana kubweretsa wokonza, kadandauleni ku khonsolo ya mzinda wanu. Mukaona utsi, tulukani, tsekani chitseko, ndipo muimbe 999, nambala yoitanira ozimitsa moto, muli panja.